Chinthu chomwe umachikonda chikayamba kukutopetsa, umatani?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo chonde mundiyankhe moona mtima. Kodi chinthu chomwe unachiyamba wekha chifukwa chochikonda, popanda okutuma, chingafike pomakutopetsa mpaka kumachiopa? Ine ndimalemba tinkhani n'kumaposta pa Facebook Lachisanu lililonse, anthu anazolowera moti likamafika Lachinayi ena amakhala ayamba kale kufunsa ku inbox kuti gawo lotsatira lituluka nthawi yanji. Poyamba zinkandikomera zedi koma pano ndikatsegula laputopu ndimangoyang'ana sikirini mutu uli gwa, ndalemba mzere ndafufuta, ndalemba ndafufuta, mpaka tulo. Kusiya sindikufuna, kulemba ndimakukonda kuyambira ndili mwana, koma mmene zikuyenderamu ndikuopa kuti ndidzadana nako. Amene munadutsamo munatani?

Mayi a Yankho: Achemwali mwandilankhulira. Ine zanga ndi zoluka. Ndinayamba ndi tizipewa ta ana ndi timasokosi kumangopatsa anzanga basi, nde anthu ataona anayamba kuti tilukireniko tikulipirani. Ndinasangalala, ndani angakane. Koma ma oda atachuluka ndinapezeka ndikuluka juzi ya mtundu umodzimodzi sitayilo imodzimodzi mobwerezabwereza chifukwa ndi yomwe imayenda malonda, zala zikuwawa, khosi likuwawa, uku kasitomala akuimba foni kuti mwafika pati. Pansi penipeni pa basiketi yanga panali kashawelo kena komwe ndinakayamba ndekha ndi wulu wobiriwira yemwe ndinamukonda kwambiri, kanangokhala pamenepo katafika theka singano zili momwemo, ndipo ndimati ndikakaona ndimakakwirira ndi wulu wa ma oda kuti kasamandiwawitse mtima.

Tadala: Nde munatani mayi, munasiya kugulitsa?

Mayi a Yankho: Ayi sindinasiye, ndalamayo imathandiza pakhomo. Koma pano ndimalandira oda imodzi, ndikamaliza ndi pomwe ndimalandira ina, ofuna adikire osafuna apite kwina. Ndipo nthawi zonse pamakhala chinthu chimodzi pasingano chomwe si chogulitsa, ndi changa, ndikafuna kuchimasula chonse n'kuyambiranso palibe wondifunsa. Kashawelo kaja ndinakamaliza, ndimafunda ndekha.

Kondwani: Ine ndi gitala asisi. Chomwe ndinazindikira n'choti ndinafika poti sindingagwire gitala foni isanaime patsogolo panga ikujambula. Nyimbo imodzi kubwereza kambirimbiri chifukwa chala chaphonya pamodzi, kenako kudula vidiyo, kukonza sawundi, kuposta, kenako kumangotsegula foni kuona ma like afika angati. Kuimba kwenikweniko kunatsala pang'ono, zambiri zinali zokonzakonza. Gitala inafika pokhala pakona nsambo mpaka kuchita dzimbiri, osati chifukwa ndinalibe nthawi ayi, koma ndikaiyang'ana ndimaona ntchito yonse ija ikubwera pambuyo pake.

Aphunzitsi Lonjezo: Zomwe mukunenazi anthu a maphunziro a maganizo anazifufuzapo kalekale. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anatenga ana a ku nasale ya pa yunivesite ya Stanford omwe ankakonda kale kujambula ndi mapeni a mitundumitundu. Anawagawa magulu atatu. Ena anawauziratu kuti mukajambula tikupatsani satifiketi yokongola, ena sanawauze koma anawapatsa mowadzidzimutsa atamaliza, ena sanawapatse kanthu. Patapita masiku anaikanso mapeni aja m'kalasi n'kumangoonerera. Ana omwe analonjezedwa mphoto aja ndi omwe anayamba kujambula mochepa kuposa anzawo. Mwana yemweyo, mapeni omwewo, koma m'mutu mwake kujambula kunasanduka chinthu chomwe umachita kuti upatsidwe kanthu. A Kondwani ma like anu aja ndi satifiketi imeneyo, ndipo a Tadala anthu a ku inbox aja nawonso. Chinthu munachiyamba muli bwana ndinu, pano chapeza mabwana ena.

Kondwani: Eeh aphunzitsi apa mwalasa.

Bambo a Mphatso: Ine ndisiyane nanu pang'ono ana anga. Ndakhala ndikupala matabwa ngati chosangalatsa changa kwa zaka zambiri, timipando, timashelefu, ndipo ndikuuzeni kuti kulibe chinthu chomwe chimakoma tsiku lililonse. Masiku ena kupala kumatopetsa, kukwecha ndi sandipepa kumatopetsa, koma ukapirira mpando umatuluka ndipo chimwemwe chimabwera pamapeto. Vuto lomwe ndikuliona masiku ano n'loti munthu akangotopa pang'ono akuti burnout, kutanthauza kutheratu mphamvu ndi chidwi, wasiya, mawa wayamba china, mkuja wasiyanso. Mukamadikira kuti mtima ufune ndiye mulembe simudzamaliza buku a Tadala. Lachisanu lanulo ndi lomwe lakufikitsani pomwe mulipa, musalinyoze.

Tadala: Zoona bambo, pakanapanda Lachisanulo sindikanalemba zambiri chonchi, zimenezo sindikana. Koma pali kusiyana komwe ndikukumva. Kale ndimatopa koma ndikamaliza ndimagona mtima uli mbee, ndikuganizira kale zomwe zichitike gawo lotsatira. Pano ndikamaliza ndimangoti bola zatha, ndipo anthu a m'nkhani mwangamo sindikuwamveranso chisoni, wina ndikhoza kumupha mu nkhani kuti ingotha msanga.

Chifundo: Asisi zomwe mwanena zomalizazi ndi zomwe zandigwira. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo nde nkhani imeneyi timaikambirana pafupipafupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalemba burnout m'buku lake la ICD-11, lomwe ndi mndandanda wa matenda ndi mavuto a zaumoyo, silinati ndi matenda ayi, linati ndi vuto lobwera chifukwa cha sitiresi ya kuntchito yomwe yakhalitsa osathana nayo, ndipo linatchula zizindikiro zitatu. Kutheratu mphamvu, kuyamba kuitalikira ntchitoyo mumtima kapena kumangoiona zoipa zokhazokha, ndi kuona kuti sukuchitanso bwino monga kale. Iwo ananena za kuntchito kwenikweni osati ma hobby, koma taonani zomwe mwafotokoza, chachiwiricho ndi chomwecho, simukuwamveranso chisoni anthu omwe munawapanga nokha. Kutopa komwe akunena Bambo a Mphatso ndi kwa thupi ndi ulesi wa tsiku limodzi, ukagona kumatha. Uku n'kwina, umagona n'kudzuka nako.

Bambo a Mphatso: Chabwino mwana wanga, koma mwanena nokha kuti ndi za kuntchito. Kulemba tinkhani palibe amamulemba ntchito, palibe angamuchotse.

Chifundo: Bambo munthu yemwe anatchukitsa nkhani imeneyi, Herbert Freudenberger, analemba mu 1974 ataona zomwe zinkachitikira anthu ongodzipereka pa kiliniki yaulere ku New York komwe iyenso ankathandiza. Ambiri mwa iwo sankalipidwa, anabwera okha ndi mtima wonse, ndipo iye anaona kuti omwe ankagwa kwambiri ndi omwe anali odzipereka kwambiri aja. Ndekuti sipafunika bwana wa ofesi kuti zikuchitikire, waulesi sizimamupeza, zimapeza yemwe sakana, yemwe amaopa kukhumudwitsa anthu.

Thoko: Yemwe amaopa kukhumudwitsa anthu, ndi ineyo ameneyo. Ndimajambula zithunzi za mbalame ndi maluwa, kamera ndinagula kuti ndizipuma nayo wikendi. Anthu atadziwa kuti ndili ndi kamera basi phwando lililonse la achibale ndi anzanga Thoko bwera ndi kamera, ndipo ukajambula si pothera, usiku wonse uli pa kompyuta kusankha ndi kukonza zithunzi, m'mawa mameseji ayamba kuti zathu zija bwanji. Zaulerenso. Mbalame ndinasiya kuziona.

Mayi a Yankho: Achemwali zaulerezo ndiye zimapweteka kuposa za ndalama, chifukwa wolipira umatha kumuuza mtengo n'kuthawa yekha, koma m'bale umuuza chani.

Aphunzitsi Lonjezo: Ndibwerere kwa Bambo a Mphatso chifukwa ali ndi mfundo ndipo sindikufuna zimveke ngati ndalama kapena kuyamikiridwa ndi zoipa. Mu kafukufuku wa ana uja, omwe anapatsidwa satifiketi mowadzidzimutsa sanasiye kukonda kujambula. Edward Deci naye mu 1971 anapatsa ophunzira a pa koleji masewero olumikiza tizidutswa otchedwa Soma, ena n'kumawalipira dola imodzi akalumikiza bwino, ndipo ndalama itasiya kubwera chidwi chawo chinatsika, koma omwe ankangouzidwa mawu oti mwachita bwino chidwi chawo sichinatsike. Pambuyo pake iye ndi Richard Ryan anafotokoza kuti munthu amakhalabe ndi chidwi pa chinthu ngati akumva kuti akusankha yekha, akuona kuti luso lake likukula, komanso ali ndi anthu omwe akugwirizana nawo. Nde funso si loti kodi pali ndandanda kapena pali ndalama, funso n'loti akulamula ndani. Bambo inu mukamakwecha mpando mwatopa, munasankha nokha mpandowo, tsiku lomaliza munaika nokha, mukafuna kuusiya sabata yonse palibe akugogoda. A Tadala Lachisanu analiika okha poyamba koma pano silili m'manja mwawo.

Bambo a Mphatso: Apo ndamva. Zoona ine palibe amandiimbira foni za mpando. Komabe ndikuti asataye chizolowezi chokhala pansi n'kulemba, asinthe zina koma chimenecho ayi.

Tadala: Nde ndingalibweze bwanji m'manja mwanga Lachisanulo? Chifukwa mantha anga ndi oti ndikangodumpha sabata imodzi anthu athawa, komanso amati ukasiya kuposta Facebook imasiya kuonetsa zinthu zako kwa anthu ambiri.

Thoko: Ena athawadi asisi, tisanamizane. Ine nditapuma kuposta zithunzi n'kubwerera, ma like anali ochepa kusiyana ndi kale ndipo zinandiwawa. Koma omwe anatsala ndi omwe amalemba ndemanga zenizeni, amafunsa kuti mbalame imeneyi dzina lake ndi chani munaipeza nthawi yanji. Omwe anathawa ndi omwe amangodina n'kudutsa. Inu owerenga anu omwe amafika pofunsa ku inbox ndi anthu oti nkhani yawalowa, amenewo sathawa chifukwa cha mwezi umodzi, bola muwauze. Chomwe anthu amadana nacho ndi kungosowa osanena kanthu.

Kondwani: Komanso onani mmene amachitira a ma series a pa TV, amatulutsa season yatha, apuma miyezi, abweranso, anthu amadikira ndithu mpaka kumawerenga masiku. Inunso pangani choncho, nkhani ikhale ndi magawo owerengeka, ikatha mulengeze kuti ina iyamba mwezi wakuti. Chomwe chimapha ndi chinthu chopanda mapeto, Lachisanu lililonse mpaka kalekale, ngakhale kuntchito kuli holide.

Tadala: Za ma season zi sindinaziganizirepo ndithu.

Madalitso: Ndilowererepo ndi za kuthamanga. Ife othamanga timaphunzira mochedwa kuti thupi silikula pomwe ukuthamanga, limakula pomwe ukupuma, minofu imakonzedwa tsiku lomwe wakhala pansi. Ukamangothamanga daily osapuma umayamba kuona kuti liwiro likutsika m'malo mokwera, tulo sitikubwera bwino, m'mawa ukadzuka mtima ukugunda mofulumira kuposa masiku onse, kukwiya msanga, timabala tosatha m'mawondo. Nde mapulani onse abwino a training amakhala ndi masiku opuma olembedwa kale, osati kupuma chifukwa wagwa ayi, kupuma kuli mu pulani momwemo. Chomwe chinandisokoneza ine ndi app ya pa foni yoyeza zomwe wathamanga, Strava, chifukwa anzako amaona zomwe wathamanga nde tsiku lofunika kuthamanga pang'onopang'ono umapezeka ukukoka kuti manambala aoneke bwino. Pano masiku ena wotchi ndimaisiya kunyumba, ndimangothamanga, sindidziwa kuti ndi makilomita angati ndipo ndi masiku omwe ndimabwera ndikumwetulira.

Yamikani: Za manambalazi inenso. Ndikuphunzira French pa Duolingo, app yophunzirira zilankhulo, ndipo ili ndi streak, imawerenga masiku omwe waphunzira mosadumphitsa. Zimathandiza poyamba, koma ndinafika poti pakati pa usiku patatsala mphindi zochepa ndikudzuka kufufuza foni, kusankha lesoni yophweka kwambiri yomwe ndikuidziwa kale kuti nambala isafe. French sindikuphunzira pamenepo, ndikudyetsa nambala. Eni akewo anaikamo streak freeze yoti udumphe tsiku nambala osafa, ndekuti akudziwa kuti anthu zimawapanikiza.

Aphunzitsi Lonjezo: A Yamikani zomwe mwanenazi zikugwirizana ndi zomwe Robert Vallerand wa ku Canada ndi anzake analemba mu 2003. Anati kukonda chinthu kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina chinthucho chimakhala bwinobwino ndi mbali zina za moyo wako, ukhoza kuchisiya lero chifukwa mwana wadwala mtima osakutsutsa. Kwina chinthucho chimakulamula, ukapanda kuchichita umadziona wolakwa kapena wopanda pake. Anafufuzanso okwera njinga ku Quebec, dera la ku Canada komweko, n'kupeza kuti omwe ankapitirizabe kupalasa panja nthawi ya chisanu choopsa misewu ili poterera anali omwe chikondi chawo chinali cha mtundu wachiwiriwu. Onse amaikonda njinga, kusiyana kwake wina amatha kuima wina satha. Nde dziyeseni ndi funso limeneli, ndikadumpha lero ndimva kusowa chinthucho kapena ndimva mantha?

Tadala: Mantha aphunzitsi. Osabisa.

Nabanda: Pali china chomwe sichinatchulidwe. Ambirife makamaka amayi, nthawi ya zokonda zathuzi timaiba ku tulo. Tsiku lonse ntchito, ukafika kunyumba ana, homuweki, kuchapa, nde nthawi yako imayamba onse akagona. Ine ndimasoka ndipo mashini ndimaitsegula usiku. Nde pena sikuti chinthucho wadana nacho ayi, koma ukuchichita ndi nyenyeswa za mphamvu, maso akuwawa, ulusi sukulowa pasingano, walakwitsa msoko wasosola, mawa lake ukudzuka mutu ukulemera nde ubongo umayamba kulumikiza kusoka ndi kuvutika. A Tadala mumalemba nthawi yanji?

Tadala: Usiku anti, ndikaweruka ndikamaliza zonse. Nthawi zambiri Lachinayi mpaka usiku kwambiri chifukwa mawa lake ndi tsiku loposta.

Chifundo: Ndiye pamenepo pokha pali vuto kale. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 a tulo, ukamapereweza mobwereza zinthu zoyamba kuonongeka ndi zomwe kulemba kumafuna, kuganiza zatsopano ndi kuleza mtima. Komanso ndinene ichi chifukwa pagulu pano tilipo ambiri ndipo ena akungowerenga osayankha. Ngati ndi hobby yokha yomwe yazizira koma zina zonse zikukomabe, kucheza, nyimbo, kuseka ndi anzako, ndiye zomwe tikukambiranazi zikhoza kuthandiza. Koma ngati chilichonse chasiya kukoma, mtima uli pansi pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, ukudziona wopanda ntchito, imeneyo ikhoza kukhala depression, matenda a kuvutika maganizo, ndipo siithetsedwa ndi kusintha ndandanda. Pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi, ndipo ngati mukubwera maganizo odzipweteka musadikire n'komwe, uzani munthu lero lomwe.

Nabanda: Zikomo achemwali ponena zimenezo.

Tadala: Kwa ine zina zonse zili bwinobwino, ndi kulemba kokhaku. Koma ndamva.

Kondwani: Chomwe chinandibwezera gitala ine ndi chophweka. Ndinaichotsa m'chikwama n'kuikoleka pomwe ndimakhala madzulo, ndinasintha nsambo, n'kudziuza kuti foni ikhale chipinda china. Ndimaimba zilizonse, nyimbo zakale zomwe ndinaphunzirira, zina zosamaliza, kulakwitsa osabwereza. Patapita nthawi ndinapezeka ndikupeka kanyimbo katsopano osakonzekera. Mavidiyo ndimapangabe koma mwa apo ndi apo, nyimbo ikapsa yokha. Ndipo kuyambira 2021 Instagram ndi Facebook analola kubisa nambala ya ma like, ine ndinabisa, ma notification ndinathimitsanso, ndimalowa ndikafuna ine osati foni ikandiitana.

Madalitso: Asisi Tadala inunso mukhale ndi kope lomwe zolembamo sizidzapita pa intaneti. Cholembera ndi pepala, osati laputopu yomwe ili ndi Facebook pa tabu ina.

Bambo a Mphatso: Ndiwonjezere nzeru ya ku matabwa. Ine sindisiya ntchito pomwe yandikanika, ndimasiya pomwe ndikudziwa chochita mawa. Ndikadula matabwa onse n'kuwayala, guluu ndi zopanira zili pambali, ndimatseka chitseko ngakhale mphamvu zilipo. Mawa ndikalowa sindiyamba ndi kuganiza, manja amangopitiriza. Inu mumalemba mpaka mutu utauma ndiye mawa mumakumana ndi pepala loyera, n'chifukwa chake mukuliopa. Siyani pakati pa zochitika, pomwe mukudziwa kuti munthuyo akatsegula chitseko apeza ndani.

Tadala: Bambo iyi ndiye ndiyesa lero lomwe. Ndimachitadi zosiyana, ndimafinya mpaka dontho lomaliza.

Yamikani: Funso lina, nanga kusiyiratu n'kulakwa? Ine ndili ndi zinthu zomwe ndinagula, mabulashi ndi penti, ndinajambula kwa kanthawi chidwi chinatha, pano zikangondiyang'ana pa shelefu ndimamva kuti ndinaononga ndalama nde ndimadzikakamiza kukhala pansi kupenta koma sizikoma.

Thoko: Ndalamayo inapita kale achimwene, kudzizunza sikuibweza. Munagula, munayesa, mwadziwa kuti si zanu kapena si za nthawi ino. Patsani mwana wina yemwe akuzifuna kapena sungani mu bokosi pomwe simukuziona, zikadzakuitanani mudzatsegula.

Bambo a Mphatso: Apa ndiye sindivomera msanga. Chilichonse chili ndi pakati powawa, pomwe chidwi cha poyamba chatha koma luso lisanafike. Ambiri amasiyira pamenepo n'kumati si zanga, chonsecho akanapirira pang'ono akanawoloka. A Yamikani dzifunseni kaye, mwasiya chifukwa simukuzikonda kapena chifukwa zomwe mukupenta sizikufanana ndi zomwe mumaona kwa akatswiri pa foni?

Yamikani: Mmm. Chachiwiricho chilipo ndithu bambo, ndimaonera mavidiyo a anthu openta ngati chithunzi cha kamera nde zanga ndikaziona ndimagwa ulesi.

Aphunzitsi Lonjezo: Ndiye vuto lanu ndi losiyana ndi la a Tadala. Iwo luso lilipo koma ufulu wawathawa, inu ufulu ulipo koma simukuona luso likukula chifukwa mukudziyeza ndi anthu omwe apenta zaka makumi ndipo amaonetsa zabwino zokhazokha, zomwe anang'amba simuziona. Sungani zojambula zanu zonse ndi madeti, muzifananiza za mwezi uno ndi za miyezi yapitayo. Mukaona kusintha koma mtima uli zii ndithu, pamenepo siyani mwamtendere, si ukwati.

Nabanda: Komanso kuchita ndi anzako kumathandiza. Ife tilipo angapo timakumana kusoka limodzi, wina akudula wina akusita, nkhani zikuyenda, palibe mpikisano. Tsiku lomwe ndilibe mphamvu ndimapitabe kukangokhala n'kumathandiza kuika mapini, ndimabwerako ndili ndi chilakolako chotsegula mashini yanga.

Tadala: Abale mwandithandiza kwambiri. Nkhani yomwe ili pakatiyi ndiimaliza chifukwa yatsala pang'ono ndipo anthu aidikira, kenako ndilengeza kuti ndikupuma ndipo yotsatira idzabwera ngati season, ndidzayamba kuposta ndikakhala ndalemba kale magawo angapo kuti Lachinayi usiku ndizigona. Chomwe chikundivutabe ndi mawu owauzira anthu, ndimaopa kuoneka ngati ndayamba matama.

Thoko: Inenso ndi pomwe pamandivuta, makamaka kwa achibale. Mayi a Yankho inu mumawakana bwanji anthu osakhumudwa?

Mayi a Yankho: Ena amakhumudwabe achemwali, zimenezo zivomerezeni kaye. Koma ndinaona kuti ukachulukitsa zifukwa ndi pomwe munthu amapeza pokugwira, ukati ndili bize akuti ndidikira, ukati wulu ndilibe akuti ndigula ndine. Nde ine ndimangoti pepani panopa sindikulandira, ndikadzatsegula ndidzakuuzani, basi, ndipo ndimanena nthawi yomweyo osati kuti ndiona kaye chifukwa ndiona kaye amamva ngati eya. Inu a Thoko akakuitanani ku phwando muziyankha msanga kuti ndibwera koma kamera ndiisiya, ndikufuna ndidzacheze nanu, kuti apezeretu wina wojambula nthawi ilipo. A Tadala inu lembani mizere iwiri yokha, kuwathokoza powerenga ndi kuwauza mwezi womwe mudzabwerere, osapepesa kambirimbiri. A ku inbox omwe azifunsabe muziwatumizira uthenga womwewo.

Thoko: Wikendi ikubwerayi kuli kale phwando la mwana wa asisi anga, ndiwaimbira madzulo ano ndiwauze za kamerazo asanadalire ine.